Banjo, Babatoni ndi Fumbi la Mgodi: Zimbale Zatsopano M'khutu la Matchona a ku Rustenburg

Kuyambira mu 2012, nyimbo za Amalawi zoyimbidwa ndi zipangizo zopanga okha zapeza msika wakunja umene sizinakhalepo nawo kale. Makampani aang'onoang'ono ojambula nyimbo a ku Geneva, London ndi San Francisco atulutsa zimbale za magulu monga Malawi Mouse Boys, Zomba Prison Project ndi Madalitso Band, ndipo ogulitsa amaziika pamodzi ndi nyimbo za folk ndi za bluegrass, zomwe omvera ake amakonda kumva nsambo zikulira popanda makina ambiri. Kawirikawiri wogula amauzidwa kuti akumva liwu la kumudzi, lomwe linamera lokha kutali ndi piringupiringu wa dziko. Nkhani ino ikutsutsa kafotokozedwe kameneka. Ikuonetsa kuti kayimbidwe ka gitala, banjo ndi babatoni ku Malawi ndi mwana wa ulendo wa ku migodi, ndiponso kuti nyimbo za bluegrass, zomwe zimafanizidwa nako, zinabadwa m'njira yomweyo. Malo oyenera kumvererapo zimbalezi ndi tauni ya migodi, ndipo imene yasankhidwa pano ndi Rustenburg.

Rustenburg ili m'munsi mwa mapiri a Magaliesberg, m'chigawo cha North West ku South Africa. Inakhazikitsidwa mu 1851, ndipo dzina lake limatanthauza malo opumulirapo. Mpumulowo unatha pamene mzere wa miyala ya pulatinamu wotchedwa Merensky Reef, womwe unapezeka koyamba mu 1924, unalondoledwa mpaka kuderali. Lero gawo lalikulu la pulatinamu wa dziko lonse limachokera pansi pa nthaka ya chigawo chimenechi, ndipo wambiri amakathera m'mapaipi otulutsira utsi a magalimoto a ku Ulaya, America ndi Asia. Tsono mpofunika kusamala pa mbiri. Amalawi ambiri amene analembedwa ndi Wenela, ndipo pambuyo pake Theba, ankapita ku migodi ya golide ya ku Witwatersrand. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 analipo oposa 100,000. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda, yemwe ali mnyamata anagwirapo ntchito pa mgodi wa Witwatersrand Deep, analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 ndi anthu ochepa, koma inathera mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza magazi a Amalawi pofuna kupeza kachilombo ka HIV, nkhani imene Wiseman Chijere Chirwa anaifufuza mwakuya. Choncho pamene pulatinamu ankakwera mtengo m'zaka za m'ma 2000, khomo la mgodi linali litatsekedwa kale kwa Mmalawi. Amene amafika ku Rustenburg masiku ano amadzera pa basi ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo ntchito zimene ambiri amapeza ndi za m'mphepete mwa chuma cha mgodi: m'nyumba za anthu, m'minda ya maluwa, m'masitolo, pa makina osokera ndi pa ulonda. Womvera wotereyu ndi mdzukulu wa munthu wa Wenela, wokhala pafupi ndi mgodi umene sangalowemo. Nyimbo za kwawo amazimvera pa foni.

Zimene agogo ake anabweretsa kuchokera ku Joni zimadziwika: njinga, suti, bokosi lachitsulo, galamafoni ndi mbale zake, gitala ndi banjo. Banjo inafala kwambiri ku Nyasaland nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pamene asilikali ndi anthu a ku migodi ankabwerera kumudzi. Kwa amene analibe ndalama, chigubu cha mafuta, thabwa, chikopa ndi waya zinali zokwanira. Mbale za galamafoni zinabweretsa nyimbo za Jimmie Rodgers ndi za oyimba gitala ya ku Hawaii, ndipo kayimbidwe kokhwekhwereza botolo pa nsambo kanapatsidwa dzina lakuti hauyani, lomwe Ndiche Mwarare anatchuka nalo. Aliyense wodziwa bluegrass akamva hauyani amakumbukira gitala ya dobro, ndipo salakwitsa, pakuti zonse ziwiri zinamwa pa chitsime chimodzi. M'zaka za m'ma 1950 kunabwera kwela ya Spokes Mashiyane ndi anzake, nyimbo ya anyamata a m'misewu ya Johannesburg yoyimbidwa ndi chitoliro chachitsulo, gitala ndi besi ya nsambo imodzi yomangidwa pa bokosi la tiyi. Besi imeneyi ndiyo inkatchedwa babatoni.

Amene akufuna kumva chiyambichi ndi makutu ake ayambire pa zimbale ziwiri zimene kampani ya SWP Records inatulutsa kuchokera m'nkhokwe ya Hugh Tracey, china cha kum'mwera ndi pakati pa Malawi, china cha kumpoto ndi pakati, zonse zojambulidwa m'zaka za m'ma 1950. Muli bangwe, kalimba, nyimbo za pamtondo ndi zina. Komabe womvera asaiwale kuti International Library of African Music, yomwe Tracey anakhazikitsa mu 1954 ku Roodepoort, inali pakati penipeni pa migodi ya golide, ndipo mbali ina ya ndalama zoyendetsera ntchitoyo inachokera kwa eni migodi. Ngakhale nkhokwe ya nyimbo zotchedwa za makolo ili ndi fumbi la mgodi.

Umboni wamphamvu kwambiri ndi wa ana a Kachamba. Daniel Kachamba (1947–1987) ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, anakulira mbali ina ku Salisbury, komwe bambo awo ankagwira ntchito, ndipo kwela anaidziwira komweko. Gerhard Kubik anawapeza akuyimba ku Blantyre mu 1967, nthawi imene kwela inali itazirala kale ku South Africa. Zimene iye ndi Moya Aliya Malamusi analemba pambuyo pake zikuonetsa kuti a Kachamba sanangokopera. Daniel ankatha kuchuna gitala m'njira zakezake, ndipo chala chachikulu chinkayendetsa besi pamene cholozera chinkayimba nyimbo pamwamba, kotero kuti gitala imodzi inkamveka ngati anthu atatu. Donald anasunga chitoliro cha kwela mpaka imfa yake mu 2001, ataphunzitsako pa yunivesite ya California ku Los Angeles mu 1999. Alan Namoko, woyimba wosaona wa ku Thyolo amene anamwalira mu 1995, anatenga banjo n'kuilowetsa m'mayimbidwe a Chilomwe ndi Chimang'anja pamodzi ndi Chimvu River Jazz Band. Chimbale chake cha Ana Osiidwa, chomwe kampani ya Pamtondo ya John Lwanda inatulutsa mu 1992, chikadali muyezo woyezera zonse zimene zabwera pambuyo pake. Liwu la Namoko ndi losasalala, ndipo banjo yake siikongoletsa kanthu. Imangokankha nyimbo kutsogolo mosalekeza.

Pa zimbale zatsopano, za Madalitso Band ndizo zoyenera kukhalapo nthawi yaitali. Gululi ndi la anthu awiri: Yobu Maligwa, amene amayimba babatoni ndi kutsogolera mawu, ndi Yosefe Kalekeni, amene amayimba gitala ya nsambo zinayi uku akugunda ng'oma ndi chidendene. Anayimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe asanaitanidwe ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, komwe ulendo wawo wakunja unayambira. Kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa Wasalala mu 2019, Musakayike mu 2022 ndi Ma Gitala mu 2025. Luso lawo lagona pa kagawidwe ka ntchito. Gitala ya Kalekeni imazungulira pa makodi atatu, monga momwe kwela inkachitira, ndipo siipuma. Ng'oma ya kuphazi imagwa pa kugunda kulikonse mofanana, ngati munsi mu mtondo. Ufulu wonse wapatsidwa kwa babatoni, yomwe nsambo yake imodzi imakwera ndi kutsika mosatsata malire a makodi, nthawi zina kutsogolera liwu, nthawi zina kulitsalira pang'ono. Kukokana kumeneku, pakati pa chosasintha ndi chotsetsereka, ndiko kumachititsa kuti nyimbo yaitali isatopetse. Mawu a awiriwa amayenderana motalikirana pang'ono monga zimakhalira m'kwaya ya mpingo wa kumudzi, ndipo woyamba akaponya, wachiwiri amavomera.

Mwa zitatuzi, Musakayike ndicho chimbale chokhwima. Wasalala chili ndi moto wa mumsewu, koma nyimbo zake zina zimafanana kwambiri liwiro, kotero kuti womvera akafika pakati amayamba kusokoneza ina ndi inzake. Ma Gitala chawonjezera mawu ndi zoyimbira zina m'chipinda chojambulira, ndipo ngakhale kuyesaku kuli koyamikika, pamene zowonjezera zachuluka babatoni imataya malo ake opumira. Pa Musakayike palibe chobisala. Kwa womvera wa ku Rustenburg pali chinanso chimene wa ku Geneva sangamve: dzina la chida chachikulu cha gululi linachokera m'misewu ya Johannesburg, mtunda wa maola awiri okha pa galimoto, ndipo chinapita ku Malawi m'katundu wa matchona, n'kukakula, n'kusintha bokosi la tiyi kukhala ng'oma ya chikopa cha ng'ombe. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, amene babatoni yake ndi yaitali pafupifupi mamita atatu ndipo amaiyimba ndi kamtengo ndi botolo, waphatikiza miyambo iwiri ija, ya kwela ndi ya hauyani, pa chida chimodzi. Kunena kuti zimenezi ndi zachikale zosakhudzidwa ndi dziko lakunja ndi kufufuta zaka zana limodzi za maulendo.

Zimbale zimene Ian Brennan wa ku America anajambula zimavuta kuziweruza. He Is #1 cha Malawi Mouse Boys (2012) ndi chokoma. Ndi nyimbo zauzimu za anyamata oyimba mogwirizana bwino, zojambulidwa panja. I Have No Everything Here cha Zomba Prison Project, chojambulidwa m'ndende ya Zomba mu 2013 n'kutulutsidwa mu 2015, chinali chimbale choyamba cha ku Malawi kupikisana nawo pa mphoto ya Grammy mu 2016, ndipo tinyimbo tina ta amayi a m'ndendemo, ngakhale tili tatifupi kwambiri, timalasa mtima. Vuto lili pa chikuto ndi dzina. Oyimba oyamba amadziwika ndi mbewa zimene ankagulitsa m'mbali mwa msewu, achiwiri ndi ndende imene anatsekeredwamo. Umphawi ndi umene waikidwa patsogolo kuti ukope wogula, ndipo luso likubwera pambuyo ngati chodabwitsa. Palibe amene anagulitsapo Bill Monroe monga wonyamula migolo ya mafuta, ngakhale kuti ntchito yotereyi anaigwiradi.

Mfundo yomalizayi ikutsegula mbali ya America. Bluegrass imadzionetsa ngati nyimbo ya m'mapiri ndi m'minda, koma Monroe anachoka kwawo ku Rosine, Kentucky, mu 1929 kukagwira ntchito pa fakitale yoyenga mafuta ku Indiana, ndipo omvera ake oyamba ambiri anali anthu othawa umphawi wa kumapiri kupita m'mizinda ya mafakitale. Mmodzi mwa amene anamuphunzitsa kayimbidwe anali Arnold Shultz, munthu wakuda woyimba gitala ndi vayolini, amenenso ankagwira ntchito m'migodi ya malasha. Kayimbidwe kamene kakudziwika lero kanakhazikika mu Disembala 1945, pamene Earl Scruggs analowa m'gulu la Blue Grass Boys ndi banjo yake ya zala zitatu. Banjoyo inachokera ku zida za nsambo za kumadzulo kwa Africa, monga akonting ya Ajola, kudzera mwa akapolo. Béla Fleck anatsata njira imeneyi pa Throw Down Your Heart (2009), ndipo Rhiannon Giddens waikumbutsa dziko pa Genuine Negro Jig (2010) cha Carolina Chocolate Drops ndi pa Songs of Our Native Daughters (2019). Motero banjo ya Namoko inawoloka nyanja kawiri. Kulakalaka kumudzi kumene kwadzaza bluegrass ndi kulira kwa mtchona, ndipo Mmalawi wa ku Rustenburg safunikira womasulira kuti akuzindikire.

Kusiyana kwake kuli pa kutchula. Mwambo wa ku America umatchula mgodi ndi dzina, umatchula matenda, umatchulanso mwini kampani. Florence Reece analemba Which Side Are You On? mu 1931 pa sitalaka ya ku Harlan County. Merle Travis, mwana wa munthu wa mu mgodi, anatulutsa Dark as a Dungeon ndi Sixteen Tons pa Folk Songs of the Hills mu 1947. Hazel Dickens, amene mlongo wake anafa ndi matenda a fumbi la malasha m'mapapo, analemba nyimbo ya Black Lung n'kumaiyimba popanda chida chilichonse, ndipo liwu lake limamveka mu filimu ya Harlan County, USA ya Barbara Kopple (1976). Chimbale chaposachedwa chimene chatenga mwambowu mosanyengerera ndi Ghosts of West Virginia (2020) cha Steve Earle, amene mu 1999 anajambula The Mountain ndi gulu la bluegrass la Del McCoury. Chimbale cha 2020 chikunena za kuphulika kwa mgodi wa Upper Big Branch pa 5 Epulo 2010, komwe anthu 29 anafa, ndipo pa nyimbo ina Earle amatchula mayina awo onse limodzi ndi limodzi. Si nyimbo zonse za m'chimbalemo zimene zili zamphamvu; zina zikuonetsa kuti zinalembedwera sewero la pa siteji, monga zinalilidi. Koma mndandanda wa mayinawo, woyimbidwa mwaukali, umachita zimene lipoti la boma silingathe. Oyimba achinyamata amene akulandira mphoto masiku ano, monga Billy Strings pa Home (2019) ndi Molly Tuttle pa Crooked Tree (2022), ali ndi zala zofulumira modabwitsa, ndipo wophunzira gitala apindula powamvera, ngakhale kuti nkhani ya mgodi si imene yatsogola pa zimbale zimenezi.

Ku Rustenburg mndandanda wotere uli ndi tanthauzo lakelake. Pa 16 Ogasiti 2012 apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito pa mgodi wa Lonmin ku Marikana, kum'mawa kwa tauniyi, amene ankafuna malipiro a R12,500 pa mwezi. Ambiri mwa iwo anali matchona a ku Eastern Cape ndi ena a ku Lesotho, ndipo pa masiku amene anakhala pa kaphiri kaja ankayimba, monga filimu ya Rehad Desai ya Miners Shot Down (2014) ikuonetsera. M'masiku oyambirira a mwezi womwewo, pafupi ndi Northam, kumpoto kwa chigawo chomwecho cha pulatinamu, achinyamata zikwizikwi anali pa chikondwerero cha Oppikoppi, chimene pa nthawiyo chinali msonkhano waukulu wa nyimbo za oyimba odziyimira okha ku South Africa. Dzina lake m'Chiafirikanzi limatanthauza pa kaphiri. Timapiri tiwiri, nthaka imodzi, mwezi umodzi, ndipo nyimbo za pa kamodzi zinali ndi matikiti ndi zokuzira mawu pamene za pa kena zinajambulidwa ndi makamera a atolankhani ndi a apolisi. Mawu akuti folk ndi independent akamagwiritsidwa ntchito pa msika, amanena za kaphiri koyamba.

Nanga n'chifukwa chiyani nyimbo ya Chimalawi, yomwe inabadwira pa ulendo wa ku mgodi, imakonda kuyimba za mkazi wosiyidwa, ana amasiye, nsanje ya achibale ndi mwamuna wosabwerera, m'malo motchula mgodi ndi eni ake? Yankho lina ndi la ndale. Lamulo lounika zofalitsa ndi zosangalatsa la 1968, pamodzi ndi wayilesi imodzi yokha ya MBC, zinaphunzitsa oyimba kuzungulira, ndipo boma lenilenilo linkapindula ndi ndalama za Wenela. Lwanda waonetsa m'buku lake la Music, Culture and Orature (2008) mmene oyimba ankabisira chidzudzulo m'nkhani za m'banja. Koma yankho lina ndi la malo oyimira. Woyimba wa ku Kentucky ankakhala pakhomo pa mgodi, pamene wa ku Thyolo ankakhala kumene munthu wachokako. Iye ankaona khasu lopanda mwini, kalata yosabwera ndi chifuwa chimene munthu wabwera nacho. Nyimbo ya pamtondo inali kale ndi chizolowezi chonena mlandu wa mudzi wonse kudzera m'dandaulo la mayi mmodzi, ndipo oyimba banjo anatengera chomwecho. Hugh Masekela pa Stimela (1974) anatchula Malawi pakati pa mayiko kumene sitima ya ku migodi inkachokera. Iye anayimba ngati munthu wa kumene sitimayo inkafikira, ndipo Namoko anayimba ali kumene inkanyamukira. Kuzungulira kwa nyimbo ya Chimalawi sikuyenera kuwerengedwa ngati mantha okhaokha. Komabe kuli ndi mtengo wake, chifukwa wogula wakunja amene samva Chichewa, ndipo chikuto sichimuuza za Wenela, amatsala ndi chisangalalo cha kugunda kokha.

Kuchokera kutsidya la Zambia, Radio Lusaka, chimbale cha nyimbo za Alick Nkhata chimene Mississippi Records inatulutsa mu 2025, chikuthandiza kudzaza mpatawu. Nkhata, amene anagwirapo ntchito ndi Tracey asanakhale muulutsi pa wayilesi ya ku Lusaka, ankayimba m'Chinyanja, m'Chibemba ndi m'zilankhulo zina za moyo wa m'tauni, ndipo kagwirizanidwe ka mawu a gulu lake kakuonetsa poyera kuti ankamvetsera mbale za ku America. Anaphedwa mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira dera la Mkushi. Chimbalechi chimveredwe pakati pa zojambula za Tracey ndi za a Kachamba, pakuti pamenepo ndi pamene chikugwa m'mbiri.

Nkhani ya chifuwa ija sinathe. Mu 2018 makampani a golide anavomera kulipira ndalama zokwana R5 biliyoni kwa amene anadwala matenda a fumbi la miyala ndi chifuwa chachikulu m'migodi yawo, khoti linavomereza mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lipereke ndalamazo, kuphatikizapo kwa okalamba a ku Malawi amene anapita ndi Wenela ndi Theba. Ena mwa iwo ndi a msinkhu wa Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, amene nyimbo yake ya Linny, atayiyimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inafalikira pa TikTok mpaka kufika m'mafoni a anthu osadziwa n'komwe kumene Chiradzulu ali. Wophunzira amene akufuna kuyesa mfundo za m'nkhani ino aike Black Lung ya Dickens, kenaka Ana Osiidwa, kenaka Musakayike, motsatizana, ndipo pa chachitatucho atchere khutu ku babatoni yokha.